Hard drive yatsopano yasiya kuoneka pa kompyuta: fufuzani motere musanaibweze

Hard drive (disiki yosungira mafayilo) yatsopano ikasowa pa kompyuta, anthu ambiri amathamangira zinthu ziwiri: kuifomata, kapena kukwera minibasi kukaibweza kumene anaigula. Kawirikawiri disikiyo imakhala ili bwinobwino. Cholakwika chimakhala chingwe, moto wosafika mokwanira, kapena kungoti Windows sinauzidwe chochita nayo. Choncho disiki yeniyeniyo muiweruze pomalizira, mutathana ndi zonse zoizungulira.

Musanagwire sikuludiraiva, dziyankheni funso ili: kodi disikiyi inayamba yaonekapo, ndipo munaikamo kale mafayilo? Ngati ndi choncho, Windows ikakufunsani kuti Initialize kapena Format, kanani. Mabatani awiriwa ndi a disiki yopanda kanthu. Pa disiki imene muli ntchito ya sukulu, zithunzi za ukwati kapena maakaunti a bizinesi, amalemba pamwamba pa mlozo umene kompyuta imadziwira pamene pagona fayilo iliyonse, ndipo kubweza mafayilo zikatero kumavuta ndiponso kumadya ndalama.

Chachiwiri, muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha chingwe, doko (polowera chingwe) ndi zoikika za mu BIOS (pulogalamu imene imadzutsa kompyuta Windows isanatseguke) nthawi imodzi, disiki ikaoneka simudziwa chimene chinalakwika, ndipo vuto likabwereranso mudzayambira pachiyambi.

Mufunika sikuludiraiva ya mtanda, chingwe china cha SATA (cholumikizira disiki m'kompyuta) chimene mukudziwa kuti chikugwira, tochi ya pafoni, ndi kompyuta ina yoyeserapo. Multimeter (chopimira magetsi) ndi kabokosi ka USB kolowetsamo disiki zimathandiza ngati zilipo. Nthawi iliyonse imene mukufuna kugwira m'kati, zimitsani kompyuta, zulani pulagi pakhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti moto wotsalira uthe, kenako gwirani chitsulo cha bokosi la kompyutayo kuti magetsi a m'thupi mwanu atuluke.

Yambani ndi khutu ndi chala

Tsegulani chivundikiro cha m'mbali, bwezerani pulagi, ikani chala pamwamba pa disiki mbali imene kuli chizindikiro, osati pa kabolodi kobiriwira ka pansi, ndiye yatsani. M'kati mwa hard drive muli mbale zimene zimazungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndipo zikamadzuka chala chimamva kunjenjemera pang'ono.

Ikakhala zii, osanjenjemera n'komwe, ganizirani za moto. Ikazungulira bwino popanda phokoso lachilendo, moto ukufika, ndipo nkhani ili pa chingwe cha data, pa doko kapena pa Windows. Koma ikamalira kuti kho, kho, kho mobwerezabwereza, kapena ikamangoti tii ngati ikulephera kudzuka, zimitsani msanga. Moto wochepa umatha kuchititsa zimenezi, ndiye iyeseni kamodzi kokha pa pulagi ina ya moto. Ikaliranso chimodzimodzi, ndiye kuti kadzanja kowerenga kakulephera kupeza malo ake kapena kakakamira pa mbale, ndipo kuyatsayatsa kumangowonjezera zikande. SSD, mtundu wina wa disiki, ilibe chozungulira, ndiye njira ya khutuyi siigwira ntchito pamenepo.

Kodi BIOS ikuiona?

Funso ili ndilo limagawa ntchito yonse pawiri. Sankhani Restart, osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 ndi 11 pali Fast Startup imene imachititsa kuti Shut down isazimitse makina kotheratu. Kompyuta ikangoyamba kudzuka, dinani mobwereza batani lolowera mu BIOS: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad ndi ThinkCentre za Lenovo, F2 kapena Delete pa Acer ndi Asus.

Fufuzani tsamba lotchedwa Storage, SATA Configuration kapena System Information. Disiki imaoneka ndi nambala ya mtundu wake, monga ST1000DM010 ya Seagate kapena WD10EZEX ya Western Digital. Apa ambiri amasochera chifukwa amayang'ana pa mndandanda wa Boot. Pa makompyuta a UEFI (BIOS ya masiku ano) mndandanda umenewo umaonetsa disiki zokhazo zimene muli Windows kapena pulogalamu ina yodzutsira makina, ndiye disiki yopanda kanthu singaonekepo ngakhale ili yamoyo.

Muli momwemo onani ngati doko silinatsekedwe. Makompyuta a Dell OptiPlex amene amabwera atagwirapo kale ntchito m'maofesi ali ndi timabokosi tochonga pa System Configuration, pansi pa Drives: SATA-0, SATA-1, SATA-2. Doko losachongedwa ndi lakufa, kaya mulumikize chingwe chabwino chotani. Onaninso tsiku ndi nthawi. Ngati deti yabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) katha, ndipo BIOS ikuiwala zoikika zake magetsi akathima. Kabatireka n'kotsika mtengo, sinthani.

Pali chosankha china cha njira imene kompyuta imalumikizirana ndi disiki: AHCI, RAID kapena IDE. Lembani papepala chimene mwachipeza musanachikhudze. Windows imene inaikidwa pa AHCI ikadzuka n'kupeza RAID imakana kutseguka, n'kuonetsa sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Zikatero bwezerani mmene zinalili.

Ngati BIOS sikuiona

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mavuto ambiri amagona pompano. Disiki ya SATA ili ndi zingwe ziwiri. Chaching'ono, cha mapini 7, ndi cha data ndipo chimapita ku motherboard. Chachikulu, cha mapini 15, ndi cha moto. Zonse zili ndi kamlomo kopindika ngati chilembo L kuti zisalowe chozondoka.

Zulani zonse ziwiri n'kuzilowetsanso mpaka zitakhazikika, kumbali ya disiki ndi kumbali ya motherboard komwe. Unikani ndi tochi kapulasitiki ka pa disiki pamene chingwe chimalowa: kamathyoka mosavuta munthu akakankha chivundikiro cha bokosi chikupanikiza chingwe, ndipo kakathyoka chingwe chimaoneka ngati chalowa pamene sichikugwira mapini onse. Yatsani, onani mu BIOS.

Sinaonekebe? Sinthani chingwe cha data chokha. Ikakanabe, samutsani chingwecho ku doko lina la pa motherboard. Ikakanabe, sinthani pulagi ya moto. Ngati mulibe chingwe chapadera, bwerekani za DVD drive, poti m'makompyuta aakulu zimafanana ndi za disiki, ndipo ngati DVD imatseguka ndi kuoneka mu BIOS ndiye kuti zingwe zake ndi doko lake n'zamoyo. M'makompyuta opyapyala a muofesi pulagi ya moto ya DVD imakhala yaing'ono ndipo singalowe pa disiki, koma chingwe cha data chikhoza kuthandizabe.

Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna moto wa mitundu iwiri: mavoti 12 ozungulitsira mota ndi mavoti 5 a kabolodi. Yaing'ono ya mainchesi 2.5 imangofuna mavoti 5. N'chifukwa chake SSD imatha kugwira bwino pa pulagi imene disiki yaikulu ikukana. Ngati muli ndi multimeter, pimani pa pulagi yoyera ya mabowo anayi yotchedwa Molex makina akuyaka. Waya wachikasu ndi wakuda azipereka pakati pa 11.4 ndi 12.6. Wofiira ndi wakuda azipereka pakati pa 4.75 ndi 5.25. Zikatsika kuposa apa, power supply (bokosi logawa moto m'kompyuta) yatopa. Imeneyo musaitsegule kuti mukonze, m'kati mwake mumatsalira moto wokhoza kupha munthu ngakhale mutazula pulagi. Dziwaninso kuti m'makompyuta ambiri a Dell ndi HP moto wa disiki suchokera mwachindunji ku power supply koma pa kasoketi ka pa motherboard, ndiye londolani chingwecho mpaka kumene chathera.

Timawaya totsika mtengo togawa pulagi imodzi kuti idyetse disiki ziwiri timayambitsa mavuto ambiri, ndipo tina timatentha mpaka kusungunuka. Tichotseni poyesa. Ndipo ngati power supply yanu ndi ya zingwe zochotseka, musalowetsepo chingwe cha power supply ina ngakhale chikulowa bwino, chifukwa mawaya ake amasanjidwa mosiyana ndipo mavoti 12 akapita pa malo a 5 disiki imapsa pomwepo.

Pali vuto lina limene limazunguza ngakhale amisiri. Disiki zina zazikulu, makamaka zopangidwira maseva ndi zochotsedwa m'mabokosi a USB, zimagwiritsa ntchito pini yachitatu ya pulagi ya moto ngati swichi yozimitsira. Power supply yakale imatumiza mavoti 3.3 pa pini imeneyo nthawi zonse kudzera pa waya wa olenji, ndiye disiki imamva ngati ikuuzidwa kuti ikhale yozima. Chizindikiro chake n'chakuti m'kabokosi ka USB imazungulira bwino koma m'kompyuta imangoti zii. Mankhwala ake ndi kuidyetsa kudzera pa kachingwe kabwino kochokera pa Molex kupita ku SATA, poti Molex ilibe 3.3, kapena kumata pini yachitatuyo ndi kachidutswa kopyapyala ka tepi yosadutsa magetsi.

Ngati disiki inasowa tsiku limene munaikamo SSD ya M.2 (kabolodi kakang'ono kolowa pa motherboard penipeni), tsegulani buku la motherboard yanu. Pa mabolodi ambiri malo a M.2 amagawana njira ndi madoko ena a SATA, ndipo mukaikamo kanthu doko limodzi kapena awiri amazima okha. Kungosamutsa chingwe n'kokwanira.

Pa laputopu

Zulani chaja, ndipo mukatsegula pansi yambani mwamasula batire. Disiki za mainchesi 2.5 zimabwera zochindikala mosiyana, mamilimita 7 ndi 9.5. Yopyapyala ikaikidwa pa malo a yochindikala popanda kachitsulo koigwira ndi masikulu ake anayi, imagwira masiku oyamba kenako n'kumasuka pang'onopang'ono. Laputopu imene imayenda m'chikwama pa kabaza tsiku ndi tsiku kuchokera ku Chikanda kapena ku Matawale kupita ku Chanco imagwedezeka kokwanira kuti disiki yosamangidwa isunthe pa mapini ake. Ikankheni mpaka ifike, imangeni, ndipo onani kalamba kopyapyala kamene kamailumikiza ku bolodi ngati sikanang'ambike kapena kutuluka pa kachotsekera kake.

Za M.2 zili mitundu iwiri yofanana maonekedwe, SATA ndi NVMe, ndipo si laputopu iliyonse imalandira yonse iwiri. Imatha kulowa bwinobwino koma osaoneka. Fufuzani nambala ya laputopu yanu kuti mudziwe imene imalandira. Poika, ilowetseni mopendeka pang'ono mpaka timano tagolide titabisika, kenako itsitseni ndi kumanga kasikulu ka kumapeto.

Zonsezi zikakanika, tengani disikiyo mukaiyese pa kompyuta ina, ndipo pa malo pake muikepo disiki ina yodziwika kuti ndi yamoyo. Yanu ikaoneka kwa mnzanu, vuto lili m'makina anu. Ikakananso kumeneko pamene ya mnzanu ikuoneka kwa inu, ndiye mwaupeza umboni woti disikiyo ndiyo yafa.

Ngati BIOS ikuiona koma mu This PC mulibe

Apa mtima ukhale m'malo, kawirikawiri disiki imakhala yamoyo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc, dinani Enter kuti mutsegule Disk Management. Yang'anani m'munsi, pamene pali Disk 0, Disk 1 ndi zina, ndipo izindikireni yanu ndi kukula kwake. Ya 500 GB imaoneka ngati 465 GB, ya 1 TB ngati 931 GB, ya 2 TB ngati 1863 GB. Sanakubereni: opanga amawerenga m'ma 1000 pamene Windows imawerenga m'ma 1024.

Ikalembedwa Not Initialized ndi Unallocated, ili ndi mzere wakuda pamwamba, ndipo simunaikemo kanthu chiigulireni, ndiye kuti yangotsala kukonzedwa. Dinani kumanja pa dzina lake, sankhani Initialize Disk, kenako GPT, njira yatsopano yogawira disiki. MBR ndi njira yakale imene siitha kugwiritsa ntchito malo opitirira 2 TB, ndipo muisankhe pokhapokha ngati disikiyo idzadzutsa kompyuta yakale yopanda UEFI. Mukatero dinani kumanja pa mzere wakudawo, New Simple Volume, landirani kukula konse, ipatseni chilembo, sankhani NTFS ndi Quick Format. Ngati muzidzaisinthanitsa ndi Mac, exFAT ndiyo imawerengedwa ndi kulembedwa mbali zonse ziwiri.

Ikalembedwa Healthy, mzere uli wa buluu, koma palibe chilembo monga D kapena E, dinani kumanja, Change Drive Letter and Paths, Add. Palibe fayilo imene itayike. Ikalembedwa Offline, dinani kumanja n'kusankha Online; izi zimachitika kawirikawiri mukakopera disiki yonse yakale pa yatsopano n'kuzisiya zonse ziwiri m'makina, chifukwa zimakhala ndi nambala yodziwira yofanana. Ngati inagwirako ntchito pa Linux kapena pa Mac, Windows imaiona koma siitha kuwerenga za m'kati, ndiye ibwezereni pa makina a mtundu umenewo mukopere mafayilo kaye.

Choopsa ndi disiki imene munali mafayilo koma lero yalembedwa RAW kapena Not Initialized. Izi zimatha kuchitika magetsi akathima disiki ili pakati polemba. Musalembemo chilichonse. Pulogalamu yaulere ya TestDisk imatha kupeza magawo otayika ndi kukopera mafayilo, koma muziwakopera ku disiki ina, osati momwemo. Ngati mafayilowo ndi ofunika kwambiri, kapena disiki ikuchedwa ndi kumangirira kompyuta, ipititseni kwa mmisiri amene ayambe wakopera disiki yonse pa ina asanayese kukonza. Mufunseni zimenezi musanamusiyire. Ndipo ikaonetsa kukula kolakwika kwambiri kapena 0, palibe pulogalamu ya pakhomo imene ingaichiritse.

Ena adzakuuzani kuti mulembe clean mu diskpart, pulogalamu ya Windows yogawira disiki. Lamulo limeneli limafufuta magawo onse a disiki imene yasankhidwa popanda kufunsa kawiri, ndipo kulakwitsa nambala imodzi kumachotsa disiki yolakwika. Ligwiritseni ntchito pa disiki yopanda kanthu yokha, mutazula zina zonse zimene mungathe kuzula.

Ngati mu Disk Management mulibe, tsegulani Device Manager, pitani pa Action, sankhani Scan for hardware changes, ndipo onani ngati pali chizindikiro chachikasu pa Disk drives kapena Storage controllers. Vuto lofanana nalo limabwera poika Windows pa malaputopu a Intel kuyambira m'badwo wa 11: pofika posankha disiki, mndandanda umakhala wopanda kanthu. Disiki ilipo, chikusowa ndi driver ya Intel RST, pulogalamu yothandiza Windows kuona disikiyo. Ikopereni pa fulashi kuchokera pa tsamba la opanga laputopuyo n'kudina Load driver, kapena zimitsani chosankha cha VMD mu BIOS musanayambe kuika Windows.

Yoonekera lero, mawa n'kusowa

Disiki yotere muigwire tsiku limene yaoneka. Choyamba koperani mafayilo, kenako ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere imene imawerenga kaundula amene disiki imasunga wa thanzi lake. Pa mizere yonse, onani ingapo yokha, ndipo muziwerenga nambala za kumapeto, za Raw Values. Mzere wa C7 ukamakwera, data ikuwonongeka panjira, ndiye vuto ndi chingwe kapena doko. Nambalayi siibwerera pa 0 mukasintha chingwe, chofunika n'chakuti isiye kukwera. Mizere ya 05, C5 ndi C6 imanena za malo owonongeka pa mbale, ndipo pa disiki yatsopano yonse iyenera kukhala 0.

Onaninso Power On Hours. Disiki imene mwagula mwezi uno ikaonetsa maola masauzande, anakugulitsani yakale. Koma maola ochepa paokha si umboni wokwanira, poti kaundulayu amatha kufufutidwa. Yerekezani ndi deti yopangidwira imene ili pa chizindikiro, ndipo lowetsani serial number pa tsamba la opanga kuti muone ngati chitsimikizo chake chidakalipo. Kutentha nakonso kumaoneka pomwepo. Kukamapitirira madigiri 50, makamaka mu Okutobala, pukutani fumbi ndipo onani ngati fani ikuzungulira.

Magetsi ndiwo mdani wina. Kuthimathima, kubwera mwamphamvu akamayakanso, ndi ziphaliwali za nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo kuno kumunsi kwa phiri la Zomba, zonsezi zimafika pa disiki. Pa kabolodi kake pali tizida toteteza timene timapsa dala kuti zina zipulumuke. Zikatero mumamva kafungo ka kupserera, ndipo kompyuta imakana kuyaka kapena imazima pomwepo disikiyo ikalumikizidwa, koma mukaizula imayaka bwino. Musaumirire. Mmisiri wa zamagetsi akhoza kupima ndi kuchotsa kachidako kuti mafayilo apulumuke. Pa kompyuta ya pa desiki ikani UPS (chosungira moto magetsi akathima), ngakhale ya 650 VA, kuti muzipeza mphindi zozimitsira bwino, ndipo kukamagunda zulani pulagi pakhoma.

Za disiki ya kunja, ya USB, n'zachidule. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA pamene la USB 3.0 limapereka 900 mA, ndipo disiki ikamadzuka imafuna moto wambiri. Ilumikizeni kumbuyo kwa kompyuta, pa doko la buluu, ndi chingwe chachifupi, popanda kachida kogawa madoko. Yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna adaputala yakeyake ya mavoti 12. Chaja ya laputopu imatha kulowa pa bowo lomwelo, koma zambiri zimapereka mavoti 19 ndipo zimaiwotcha.

Poibweza

Mukatsimikiza kuti yafa, musatsegule chivundikiro chake, musaimenye, ndipo musaiike mu firiji monga ena amalangizira. Fumbi lochepa chabe limakanda mbale, chinyezi chimaononga, ndipo chomata chikang'ambika wogulitsa ali ndi chifukwa chokanira. Tengani risiti, jambulani serial number, tsamba la BIOS ndi la CrystalDiskInfo ngati inaonekako. Pa disiki ya Seagate, zotsatira za pulogalamu yawo ya SeaTools zimalimbitsa nkhani yanu. Pemphani kuti aiyese inu mukuona, ndipo imene akupatseni m'malo mwake aiyesenso pomwepo.

Wogulitsa amabweza disiki, osati mafayilo, ndiye ngati muli zofunika m'menemo, ganizirani kaye za kuzipulumutsa musanaipereke, poti ikapita siibwerera. Ngati munaigula ku Limbe kapena ku Blantyre, ibwezereni m'kathumba kake konyezimira, ikulungeni ndi nsalu yochindikala, ndipo m'minibasi muinyamule pamiyendo, osati kumbuyo pansi pa katundu.